Madzi akaphwa, mphepo ikaleka: mungateteze bwanji banja ndi nyumba kwa akuba ndi akathyali

Ngozi ikagwa, kaya ndi madzi osefukira, namondwe, chivomezi kapena moto, masiku oyambirira aja mutu sugwira, tulo sunaone, foni yathima, chitseko chagwa, magetsi kulibe, ndiye nthawi imeneyi ndi yomwe anthu oipa mtima amati mwayi wapezeka. Koma ndinenetu poyambirira kuti anthu ambiri pa ngozi amathandizana, si kuti aliyense amasanduka mbava ayi. Mu mzinda wa New Orleans ku America mu 2005 namondwe Katrina atadutsa kunamveka mphekesera zoti anthu akuphana m'bwalo la Superdome komwe anathawirako, koma kenako zinadziwika kuti zambiri zinali zongokokomeza. Ndiye neba wanu musamuope, ameneyo ndiye mlonda wanu. Woti muchenjere naye kwambiri ndi uja amabwera akumwetulira, kope ndi cholembera kumanja, akuti ndabwera kudzakuthandizani.

Tiyambe ndi ana, katundu abwere pambuyo. Pa chipwirikiti mwana amasowa mosavuta ndipo alipo anthu amadikirira zomwezo. Ku Haiti chivomezi chitachitika mu 2010, anthu 10 ochokera ku America anagwidwa akufuna kudutsa malire kupita ku Dominican Republic ndi ana 33, ati ndi amasiye, chonsecho ambiri mwa anawo makolo awo anali moyo. Nkhani imeneyi ine imandiwawa mpaka pano chifukwa makolo ena anapereka okha anawo atalonjezedwa kuti akakhala bwino. Ndiye munthu akabwera kuti ndipatseni mwanayu ndikamuphunzitse, kapena mtsikanayu ndamupezera ntchito kutali, yankho ndi ayi, olo atavala yunifomu yooneka bwino chotani. Mwana aliyense aloweze dzina lanu lonse ndi nambala ya foni, wamng'ono kwambiri mulembereni pa kapepala mukulunge mu pulasitiki mumuikire m'thumba, kapena lembani pa mkono ndi cholembera chosafufutika msanga. Gwirizanani malo amodzi oti mukasiyana mukapezanepo. Ndipo ngati wina wasowa kale, kanenani kupolisi tsiku lomwelo komanso kwa a Red Cross, ali ndi ntchito yolumikizitsa mabanja omwe asiyana pa ngozi.

Ngati mwathawira kukampu kapena pasukulu pomwe anthu aunjikana, gonani pamodzi ngati banja, ana pakati akuluakulu m'mbali. Malo oopsa kwambiri ndi njira ya kuchimbudzi ndi kosambira usiku, kumdima kuja, ndiye amayi ndi atsikana asamapite okha, azipita awiri atatu ndi tochi, ndipo ngati zimbudzi za amuna ndi akazi zili pamodzi kapena zilibe chokhomera mkati uzani oyang'anira kampu, musachite manyazi. China chomwe ndikufuna chimveke bwino, chithandizo cha pa ngozi ndi chaulere. Wina akati kuti dzina lanu lilowe m'kaundula mundipatse kangachepe, kapena akufuna kugona ndi inu kaya mwana wanu kuti mulandire, umenewo ndi mlandu, kamunenezeni, ndipo wolakwa ndi iyeyo osati inu.

Tsopano nyumba. Musabwerere aboma asananene kuti kuli bwino, ndikudziwa mtima umakhala uli pa katundu koma khoma lonyowa limagwa osachenjeza, komanso mawaya a magetsi ogwa pansi amapha. Mukafika ndiye mwapeza loko wathyoledwa kapena mukumva kuti mkati muli munthu, musalowe nokha, itanani anzanu ndi apolisi. Musanasunthe kanthu jambulani zithunzi chipinda chilichonse, zimathandiza kupolisi ndi ku inshuwalansi. Kenako tsekani mobooka monse, zenera losweka khomanipo thabwa kapena lata, misomali kapena masikuluwu mumangire cha mkati kuti wakunja asamasule, ndipo ngati makiyi anatayika pothawa paja sinthani loko basi. Zomwe zapulumuka musaziyanike poonekera kumsewu tsiku lonse popanda munthu, wodutsa amawerenga ndi maso n'kubweranso usiku. Ziphaso, mapepala a nyumba ndi malo, makhadi a kubanki, mankhwala, zonsezi zikhale mu kachikwama kamodzi ka pulasitiki koyenda nanu kulikonse, muzijambulenso pa foni.

Apa pali msampha wina womwe watengapo miyoyo ya anthu. Munthu poopa kuti jenereta amubera amailowetsa m'nyumba kapena mu galaja usiku ili chiyakire, osadziwa kuti imatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe ulibe fungo, suoneka, ndipo banja lonse limangogona osadzukanso. Jenereta izikhala panja, mamita 6 kapena kuposa kuchoka pa zitseko ndi mazenera, imangeni ndi tcheni ndi loko ku chinthu cholimba. Bola ibedwe.

Zolondera usiku musapange nokha, mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi maneba, gawanani maola, awiriawiri, wina kuyambira madzulo wina pakati pa usiku, aliyense ndi tochi ndi wenzulo, ndipo mugwirizane kuti wenzulo ikalira katatu onse atuluke. Muziyang'aniranso nyumba za omwe ali kuchipatala kapena a agogo okhala okha. Koma chonde abale anga, mukagwira munthu mpelekeni kupolisi, osamumenya. Mumdima ndi mantha n'kosavuta kuvulaza munthu wosalakwa yemwe amangofuna m'bale wake kapena pobisala mvula, ndiye mawa lake mlandu uli pa inu.

Akathyali aja amafika dzuwa likuswa mtengo. Wina akuti ndine mmisiri, denga lanu ndikonza mawa koma mundipatsiretu ndalama zonse ndikagule zipangizo, mukamupatsa ndi pomwepo foni yake osapezekanso. Gwiritsani ntchito mmisiri woti anthu akumudziwa, funsani mitengo kwa awiri atatu, lemberanani pa pepala, perekani pang'ono poyamba zotsala akamaliza, lisiti osaiwala. Wina akuti wachokera kuboma kapena ku bungwe, muonetseni ulemu koma aonetse chiphaso cha ntchito, ndipo muimbire ofesi yake pa nambala yomwe mwaipeza nokha, osati yomwe wakupatsani iyeyo. Mameseji oti mwasankhidwa kulandira ndalama za ngozi dinani apa, kapena tiuzeni pini nambala kuti tikutumizireni, fufutani, palibe bungwe lenileni limafunsa pini. Aliyense wokufulumizitsani kuti sainani pompano mwayi utha, muuzeni abwere mawa muli ndi m'bale wanu.

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp uzani abale kuti muli moyo, koma zolemba kuti tonse tathawa kunyumba kulibe munthu, ndi chithunzi cha geti pamwamba, zimenezo tumizirani munthu payekha. Ndipo zikachitika kuti mwaberedwa, musagwiregwire pamalopo, lembani zonse zomwe zasowa, katengeni lipoti la kupolisi, ndipo ngati foni kapena khadi la kubanki zapita nawo imbani atseke layini ndi akaunti ola lomwelo.