Kayendetsedwe ka mtsutso wakuti "Mfumu ya mafumu ndani?"

Aphunzitsi anzanga oyang'anira makalabu a mtsutso, mutu uwu ana amaukonda, koma mukautayirira umathera m'kunyozana. Kuno ku Thyolo kalasi imodzi mumapezeka mwana wa Sabata wochokera cha ku Malamulo, wa Katolika, wa CCAP, Msilamu, ndi wina amene amalume ake ndi Rasta. Aliyense amabwera atatsimikiza kale yankho lake, ndiye musathamangire kuwafunsa kuti wamkulu ndani.

Yambani mwadula bolodi pakati ndi choko. Mbali ina lembani "chikhulupiriro", inayo "mbiri". Ku mbali ya chikhulupiriro timangomvetserana, sitivota. Mkhristu awerenge Chivumbulutso 19:16, pamene palembedwa kuti Mfumu ya mafumu ndi Mbuye wa ambuye. Msilamu afotokoze kuti ufumu wonse ngwa Allah, ndi kuti pali hadith yonena kuti dzina lonyansa kwambiri pamaso pake ndi la munthu wotchedwa mfumu ya mafumu. Aliyense mphindi ziwiri, osadulana mawu. Dzina la Haile Selassie lilembeni pamzere weniweniwo: kwa Marasta ndi nkhani ya kupembedza, koma ndi munthunso wa m'mbiri, amene anavekedwa ufumu wa Ethiopia pa 2 November 1930, asilikali n'kumuchotsa mu 1974. Opita ku phiri la Zomba amaona malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira ulendo wake.

Mtsutso weniweni uli ku mbali ya mbiri. Aliyense amene watchulidwa, funsani kuti dzinalo anamupatsa ndani. Bokassa wa ku Central African Republic anadziveka yekha chisoti mu December 1977, pofika 1979 anali atagwetsedwa. Gaddafi wa ku Libya anasonkhanitsa mafumu a mu Africa ku Benghazi mu 2008, iwo n'kumutcha mfumu ya mafumu. Mu 2011 anaphedwa. Kwathu konkuno Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, koma pa referendamu ya 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Apa muwatsegulirenso Danieli 2:37. Ambiri amadabwa kuona Nebukadinezara akutchedwa mfumu ya mafumu m'Baibulo momwemo, ngakhale vesilo likupitiriza kuti ufumuwo anachita kupatsidwa ndi Mulungu wa kumwamba.

Anyamata amathamangira kukula kwa dziko. Atchula Genghis Khan, amene a Mongol anamukweza mu 1206, kapena ufumu wa Britain umene unafika pogwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtunda wa dziko lonse. Alekeni anene, mulembe, koma musachedwepo.

Pochedwa ndi apa: olamulidwawo ankati chiyani? Funso limeneli musalisiye m'kalasi, lipite kunyumba. Sabata imodzi mtsutso usanachitike, tumani mwana aliyense akafunse agogo ake za thangata. Dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Mfumukazi Victoria ali pampando, ndipo malo ambiri a Thyolo ndi Mulanje anasanduka maesiteti. Alomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi anafikira pa malo amenewa, n'kumalipira pokhala ndi thukuta lawo, msonkho wa nyumba uli apo. Mtsikana akaima kutsogolo, kope lili m'manja, n'kuwerenga zimene agogo ake aakazi anamva kwa makolo awo za kapitawo ndi khasu, mnyamata wothamangira kukula kwa dziko uja amayamba kusintha mfundo zake wosauzidwa ndi munthu.

Ine wanga ndi Cyrus wa ku Persia, Koresi wa m'Baibulo, amene analanda Babulo mu 539 B.C. n'kulola Ayuda kubwerera kwawo kukamanganso kachisi. Sanali Myuda, koma Yesaya 45:1 akumutcha wodzozedwa wa Yehova. Mfumu yotamandidwa ndi anthu a mtundu wina amene inkawalamulira siipezekapezeka. Komabe maganizo anu muwasunge mpaka oweruza atamaliza, chifukwa ana akangodziwa kumene mwapendekera, onse amagwera komweko.

Chenjezo limodzi: mafumu athu amene ali moyo musawaike pasikelo. Kuyerekeza Kalonga Gawa Undi, Lundu ndi mfumu yaikulu ya Alomwe kumaoneka kokoma, makamaka mu October anthu akukonzekera Mulhako ku Chonde, koma nkhaniyo ikafika kwa makolo imabwerera kwa ahedi itasanduka ya mitundu.

Oweruza akhale atatu, a zipembedzo zosiyana, ndipo muwapatse pepala la malikisi musanayambe. Malikisi azipita kwa wotchula dzina, chaka ndi kumene wazitenga. Wongokuwa ndi wonyoza chipembedzo cha mnzake muzimuchotsera, ndipo zimenezi muzilengeze poyambirira, ana onse akumva.