Kaswalidwe ka Istikhara Pamene Nzeru Zakuthawani

Mlimi wa kachewere ku Bembeke akhoza kuwerengera bwinobwino matumba a feteleza, mtengo wa ku Lizulu ndi ndalama ya galimoto, koma sangadziwe ngati chiwawu chidzagwe m'munda mwake mvula ikachuluka. Kholo likhoza kufufuza mbiri ya mnyamata wofunsira mwana wake, koma za mumtima mwa mnyamatayo pakatha zaka khumi silingazione. Nzeru ndi mphatso ya Allah, ndipo Qur'an imatilimbikitsa kuganiza, kungoti nzeruzo zimaona pafupi. Sura Al-Baqara, ndime 216, ikuti mwina mungadane ndi chinthu pomwe chili chabwino kwa inu, mwinanso mungakonde chinthu pomwe chili choipa kwa inu. Allah akudziwa, inu simudziwa. Swala ya istikhara ndi yopemphera chiongoko pamalo oterewa. Jabir ibn Abdullah, mmodzi wa anzake a Mtumiki, anati Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, ankawaphunzitsa istikhara pa zinthu zonse monga momwe ankawaphunzitsira sura ya m'Qur'an. Hadisiyi, kutanthauza nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki, ili m'buku la Sahih al-Bukhari.

Musanatenge madzi a wudhu, kudziyeretsa kwa munthu asanaswali, onani kaye ngati nkhaniyo ndi yololedwa. Palibe istikhara pa katapila kapena pa geni ya kachasu, poti Allah adaletsa kale. Palibenso pa kusala Ramadhan, poti adalamula kale. Malo ake ndi pa zinthu monga banja, ulendo wa ku Joni, kugula malo, kulowa bizinesi ndi mnzanu.

Kenako funsani anthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Sura Al-Imran, ndime 159, idalamula ngakhale Mtumiki kuti azifunsa maganizo a anzake, akatsimikiza ayedzamire kwa Allah. Ngati ndi banja, ankhoswe ndi anansi afunsidwe za khalidwe ndi Swala za munthuyo. Ngati ndi ulendo, funsani amene adapitako ndi kubwerako, osati amene akukuitanani pa foni yekha. Istikhara siyilowa m'malo mwa kafukufukuyu. Mukamaliza, sankhani chinthu chimodzi chimene mtima wapendekerako, chifukwa duwa yake, ndiye kuti pempho lake, imati "chinthu ichi", siyiti "ichi kapena icho".

Pangani wudhu mokwanira. M'nyengo ya chisanu cha mu Juni ku Dedza kuno, kufunditsa madzi nkololedwa, kusiyana ndi kusiya zidendene zouma chifukwa cha changu. Ikani niya (chitsimikizo) mumtima kuti mukuswali rakaa (zigawo za Swala) ziwiri za istikhara, zosakhala za faradhi (Swala yokakamizidwa). Rakaa ziwiri za faradhi ya Fajr, Swala ya m'bandakucha, sizingawerengedwe. Pa rakaa iliyonse werengani Al-Fatiha ndi sura imene mwailoweza. Imam an-Nawawi, katswiri wakale wa Chisilamu, adakonda Al-Kafirun pa rakaa yoyamba ndi Al-Ikhlas pa yachiwiri, koma sichikakamizo. Pewani nthawi zoletsedwa: kuchokera pamene mwaswali Fajr mpaka patapita mphindi ngati 15 dzuwa litatuluka, pamene dzuwa lili paliwombo Swala ya masana ya Dhuhr isanakwane, ndi kuchokera pamene mwaswali Swala ya chakumadzulo ya Asr mpaka dzuwa litalowa. Ambiri amaswali pambuyo pa Swala ya usiku ya Isha chifukwa pakhomo pamakhala pali zii, koma usana nawonso ulibe vuto.

Mukapereka salamu yotsekera Swalayo, tukulani manja, tamandani Allah, mupemphere madalitso kwa Mtumiki, kenako nenani:

Allahumma inni astakhiruka bi'ilmika, wa astaqdiruka biqudratika, wa as'aluka min fadlikal-azim, fa innaka taqdiru wa la aqdiru, wa ta'lamu wa la a'lamu, wa anta allamul-ghuyub. Allahumma in kunta ta'lamu anna hadhal-amra khayrun li fi dini wa ma'ashi wa aqibati amri, faqdurhu li wa yassirhu li thumma barik li fihi. Wa in kunta ta'lamu anna hadhal-amra sharrun li fi dini wa ma'ashi wa aqibati amri, fasrifhu anni wasrifni anhu, waqdur liyal-khayra haythu kana thumma ardini bihi.

Pa mawu oti hadhal-amra, tchulani nkhani yanu ngakhale m'Chichewa kapena m'Chiyao. Tanthauzo lake lizikhala mumtima pamene mukunena: mukuvomera kuti Iye amatha inu simutha, amadziwa inu simudziwa. Mukupempha kuti ngati chinthucho ndi chabwino pa chipembedzo chanu, pa moyo wanu ndi pa mathero anu, akupatseni, achifewetse ndi kuchidalitsa. Ngati ndi choipa, achichotse kwa inu, inunso akuchotseni kwa icho, akupatseni chabwino kulikonse kumene chili, ndipo akukhutitseni nacho. Mawu oti "inunso akuchotseni kwa icho" ndi olemera. Chinthu chikhoza kuchoka koma mtima nkutsalira komweko zaka ndi zaka. Amene sanaloweze awerenge papepala kapena pa foni, nzololedwa.

Anthu ambiri amasochera pa maloto. Amagona kudikira kuona zoyera kapena zobiriwira, akapanda kulota amati Allah sanayankhe. Hadisi ya Jabir siyitchula maloto, ndipo munthu amene tsiku lonse wakhala akuganiza za chibwenzi adzalota chomwecho. Mukatha kuswali pitirizani zimene mudasankha, muziyang'ana ngati njira ikutseguka kapena ikutsekeka. Ngati mtima ukadali pawiri, bwerezani tsiku lina. Hadisi yonena za kubwereza kasanu ndi kawiri akatswiri adaiona kuti ndi yofooka, choncho musamange chiwerengero.

Ena amalipira munthu kuti awaonere ngati ukwati udzayenda, pogwiritsa ntchito maina a amayi, manambala kapena mikanda ya tasbih. Kumeneko nkuombeza ula, ngakhale woombezayo atavala mkanjo ndi chisoti. M'buku la hadisi la Sahih Muslim muli chenjezo loti wopita kwa woombeza nkumufunsa kanthu, Swala yake siyilandiridwa masiku 40. Kwa shehe pitani kukafunsa malamulo ndi malangizo, koma istikhara swalini nokha, poti nkhani ndi yanu.

Mayi amene ali kumwezi, kapena munthu amene nkhani yamupanikiza ali pamsika ndipo wogula akudikira yankho, anene duwa yokhayo popanda rakaa ziwiri zija.