Kalembedwe ka mbiri ya phungu wakale: chitsanzo cha Oscar De Priest

Ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale kuno ku Nkhotakota akapatsidwa ntchito yolemba mbiri ya wandale, amangondandalika tsiku lobadwa, maudindo ndi tsiku lomwalira, ngati mbiri yowerengedwa pamaliro. Mbiri yothandiza iyenera kufotokoza chifukwa chimene anthu anamusankhira ndi chimene anamukanira pambuyo pake. Titenge chitsanzo cha Oscar De Priest, phungu wa ku America.

Yambani ndi kumene anachokera, koma mwachidule. Iye anabadwa mu 1871 ku Florence, m'chigawo cha Alabama, kwa makolo amene kale anali akapolo, ndipo mu 1889 anasamukira ku Chicago kumene ankapenta nyumba asanayambe malonda ogula ndi kugulitsa nyumba.

Kenaka tsatirani mmene anakwerera pa ndale, osabisa zonyansa. Mu 1915 anakhala khansala woyamba wakuda mumzinda wa Chicago, koma mu 1917 anaimbidwa mlandu wa katangale, ndipo loya Clarence Darrow atamuyimira kukhoti, anapezeka wosalakwa. Mukatchula mlandu, tchulaninso chigamulo chake, chifukwa kusiya chimodzi ndi kunamiza owerenga.

Mukafika pa chisankho cha 1928, musangolemba kuti anapambana. Fotokozani kuti anthu akuda ochuluka othawa tsankho kummwera anali atadzaza dera lake, ndiponso kuti phungu wa deralo, Martin Madden, atamwalira, chipani cha Republican chinaika De Priest m'malo mwake.

Gawo limene muyenera kuthera nthawi yambiri ndi la zaka za 1929 mpaka 1935, pamene iye anali phungu yekhayo wakuda m'Nyumba ya Malamulo yonse ya ku America. Zokambirana za aphungu a kumeneko zimasungidwa mu Congressional Record, ndipo ndi mmene wolemba ayenera kuonera zimene munthu ananena ndi mmene anavotera. De Priest analimbana ndi tsankho m'chipinda chodyera cha aphungu, ndipo mu 1933 anachititsa kuti lamulo lokhazikitsa Civilian Conservation Corps, ndondomeko ya boma yopatsa ntchito anyamata osowa ntchito, liletse kusala anthu chifukwa cha khungu. Komabe ankatsutsa zambiri mwa ndondomeko za boma la Pulezidenti Roosevelt zothandizira amphawi, pa nthawi imene anthu a m'dera lake ambiri analibe ntchito. Apa m'pamene wolemba ayenera kusamala, pakuti n'zimene zikuthandiza kumvetsa kugonja kwake mu 1934 kwa Arthur Mitchell, munthu wakudanso wa chipani cha Democratic. De Priest anamwalira mu 1951.

Mukafuna kulemba za phungu wakale wa kuno kwathu, njira yake ndi yomweyi, kungoti mudzafufuza mu Hansard, mmene mumalembedwa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, ndi ku National Archives ku Zomba, kenaka n'kufananiza zolembedwazo ndi zimene akuluakulu a m'dera lake akukumbukira, makamaka amene sankamuvotera.