Momwe mungasungire letesi kuti asafote, komanso kudzala wanu pakhomo

Mwagula letesi wobiriwira bwino pamsika Loweruka m'mawa, koma pofika Lolemba mukumupeza ali nyankhalala m'jumbo, masamba akuterera, fungo lili guu. Ambiri timangoti letesi ndi wosachedwa kuwola, chonsecho nthawi zambiri timamuwononga tokha. Zomupha ndi ziwiri: madzi otsalira pamasamba ndi kutentha. Jumbo yomanga pakamwa imasunga zonse ziwirizi pamodzi.

Mukangofika naye kunyumba

Choyamba mutulutseni m'jumbomo nthawi yomweyo. Thothola masamba limodzilimodzi ndi manja, osadula ndi mpeni, chifukwa pamene padutsa mpeni pamayamba kuda msanga. Tsamba lililonse lophwanyika kapena loyamba kuterera lichotseni. Limodzi lokha limawoletsa anzake onse.

Chachiwiri ndi kutsuka, ndipo apa ndikupemphani musachite zothamanga. Mpiru ndi chayinizi timaphika, moto umapha tizilombo. Letesi timadya wosaphika, ndipo madimba ambiri amathiriridwa ndi madzi a mumtsinje omwe anthu amachapamo ndi kusambamo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho nkhani ya madzi si yoseweretsa. Sambani m'manja ndi sopo. Thirani madzi abwino m'beseni, a pampopi, owiritsa n'kuzizira kapena othira kulorini, muvuwike masambawo n'kuwagwedeza pang'ono kuti mchenga utsikire pansi. Muwavuule ndi manja, osati kukhuthula beseni lonse pasefa, apo ayi mchenga womwewo ubwerera pamasamba. Bwerezani kawiri kapena katatu ndi madzi atsopano. Ena amathira viniga pang'ono m'madzi omaliza. Amathandiza, koma salowa m'malo mwa madzi aukhondo.

Chachitatu, chimene ambiri amadumpha, ndi kuumitsa. Yalani masamba pansalu yoyera palichero, pamthunzi, mpaka madontho onse athe. Ngati muli pachangu, akulungeni m'nsalu yoyera, mugwire makona anayi n'kuizunguza panja ngati mukuponya mwala ndi gulaye. Madzi amathothoka okha.

Kenaka sungani. Muli ndi firiji? Yalani kansalu kouma kapena tishu pansi pa kontena ya pulasitiki, muike masamba osawapanikiza, muphimbe ndi kansalu kena ndi kutseka. Ikani m'kabati ya pansi ya masamba, kutali ndi malo oundanitsa, pakuti letesi akaundana amasanduka madzi. Kansalu kakanyowa kasintheni. Akasamalidwa chotere amatha sabata yathunthu. Musamuike pafupi ndi nthochi, mapeyala, maapozi kapena tomato wakupsa. Zipatso zimenezi zimatulutsa mpweya wopsetsa umene umabweretsa timadontho tofiirira pamasamba. Magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi.

Opanda firiji musataye mtima. Pezani miphika iwiri yadothi, waukulu ndi waung'ono. Ikani waung'ono m'kati mwa waukulu, mpata wapakati muudzaze ndi mchenga, mchengawo muunyowetse bwino. Masamba alowe mumphika wam'kati, pamwamba muvundikire ndi nsalu yonyowa. Muike pakhonde, pamthunzi podutsa mphepo, ndipo muziwaza madzi pamchenga m'mawa ndi madzulo. Madzi akamauma amachoka ndi kutentha, monga momwe mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Njirayi imagwira bwino m'chilimwe mpweya ukakhala wouma. M'dzinja mphamvu yake imachepa. Mumphikamo letesi amatha masiku awiri kapena atatu asanafote.

Letesi wongofota, osawola, amadzuka. Muvuwikeni m'madzi ozizira mphindi 15 kapena 20. Woterera ndi wonunkha mutayireni ku manyowa.

Kudzala wanu

Kunena zoona, malo abwino kwambiri osungirapo letesi ndi pamtengo pake. Mumathyola masamba asanu a chakudya cha masana, otsalawo nkumakulabe. Simufunika dimba. Thumba lakale la ufa, beseni lothyoka, chidebe chobooka, ngakhale tayala zimakwanira, bola dothi likhale lakuya masentimita 20 ndipo pansi pakhale zibowo zotulukira madzi.

Yambani ndi nyengo. Letesi amakonda kozizira, n'chifukwa chake masamba otere amachuluka kuchokera kumadera okwera ngati Dedza, Ntcheu ndi Bvumbwe. Kwa ambiri a ife nthawi yabwino yofesa ndi kuyambira Epulo mpaka Julayi. Mu Okutobala mbewu yake imamera movutikira dothi likatentha, ndipo womera kale amathamangira kutulutsa maluwa, masamba nkuyamba kuwawa. A ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Mangochi adzale mu Meyi ndi Juni, ndipo amukonzere kamthunzi ka udzu kapena kaukonde kotchinga dzuwa la masana.

Pogula mbewu kusitolo ya zaulimi, funsani ngati ndi letesi wa mutu kapena wa masamba. Wa mutu, monga Great Lakes, amakulunga ngati kabichi, amatenga nthawi ndipo mumakolola kamodzi. Wapakhomo ndimakonda wa masamba, chifukwa mumathyola kambirimbiri. Onaninso deti papaketi, mbewu ya letesi yokhalitsa siimera bwino.

Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino, ndipo ngati dothi ndi lamakande onjezerani mchenga pang'ono. Mawu oti "owola bwino" ndawatsindika dala. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, komanso zili ndi tizilombo tomwe madzi othirira amathovukira nato pamasamba amene mudye osaphika. Manyowa okonzeka amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira dothi.

Mbewu yake ndi yaing'ono kwambiri ndipo imafuna kuwala kuti imere. Mukaikwirira mozama ngati nyemba, mudikira mpaka kalekale. Salazani dothi, mulinyowetse, muwaze mbewu motalikirana, kenaka muwazepo dothi losefa lochepa zedi, longobisa mbewuzo. Thirirani ndi keni ya timabowo ting'onoting'ono kapena botolo loboola pachitsekero kuti madzi asakokolole. Pakatha sabata imodzi kapena masiku 10 muona timasamba.

Mbande zikafika masamba anayi, patatha masabata atatu kapena anayi, ziwokereni madzulo dzuwa litapepa. Zulani ndi kadothi kake, musakwirire mtima wa mbande, ndipo siyani mpata wa masentimita 25 mpaka 30 pakati. Beseni lochapira limakwana mbande zinayi kapena zisanu. Zopatulira musataye, ndi saladi yoyamba imeneyo.

Mizu ya letesi siipita pansi kwambiri, ndiye dothi likangouma tsiku limodzi amakomoka. Thirirani m'mawa uliwonse, patsinde osati pamasamba, ndipo kukatentha onjezerani madzulo. Phimbirani dothi ndi udzu wouma. Madzi otsukira mpunga kapena masamba ndi abwino kuthirira, koma osambira ndi ochapira matewera ayi.

Adani ake ndi nkhuku, nkhono ndi nsabwe za m'masamba. Nkhuku zitchingireni ndi kampanda ka bango kapena kwezani beseni pathandala. Nkhono zitoleni usiku ndi tochi, n'kuwaza phulusa louma mozungulira. Nsabwe zimabisala kunsi kwa tsamba, zichotseni ndi chala kapena muzitsuke ndi madzi. Mankhwala opopera tomato musawayandikize pa masamba othyola tsiku ndi tsiku.

Patatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni, yambani kukolola. Thyolani masamba akunja m'mawa kusanatenthe, awiri kapena atatu pamtengo, mtima muusiye upitirize kuphuka. Kuti musasowe, fesani timbewu tochepa masabata awiri kapena atatu aliwonse m'malo mofesa paketi yonse tsiku limodzi. Mtengo umodzi wamphamvu muuleke utulutse maluwa ake achikasu. Akasanduka toyera ngati thonje, gwedezerani mbewu m'envulopu, muumitse pamthunzi, musunge pouma kudikira Epulo wotsatira.