Momwe mungajambulire mbiri ya agogo amene anamangidwa chifukwa cha chipembedzo

Boma la Kamuzu linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo chiletsocho chinatha mu 1993. Ambiri anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kutsekeredwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani cha MCP. Amene anapulumuka pano akalamba, ndipo akumwalira ndi nkhani zawo m'mimba. Foni muli nayoyo ndi yokwanira kuti mawu awo asatayike.

Tsiku loyamba musatulutse foni. Pitani mukangocheza, kasuga m'manja, mupemphe chilolezo. Ena safuna kutchulidwa dzina, makamaka amayi amene a Youth (achinyamata a chipani cha MCP) anawachitira zachipongwe. Musawakakamize.

Pofunsa musati "tandiuzani zonse", amangokhala chete. Tchulani malo ndi chaka: "Agogo, mu 1972 munathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kapena ku Mlangeni ku Mozambique? Ku Dzaleka munkagwira ntchito yanji?" Achinyamata ambiri amadziwa Dzaleka ya ku Dowa ngati msasa wa othawa kwawo, koma isanafike 1994 inali ndende, ndipo Mboni zambiri zinatsekeredwa kumeneko.

Apa pokha mvetsetsani: memori khadi. Ine ndinagula yotchipa kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu, papaketi polembedwa 64GB. Foni inkaonetsa kuti zonse zikusungika bwinobwino. Agogo anafotokoza za kundende mpaka dzuwa kupendeka, misozi ili mbwee, koma usiku nditati ndimvetsere, mafayilo onse anakana kutseguka. Makhadi achinyengowa amanama kukula kwake. Malo ake enieni akadzaza, zotsalazo zimawonongeka popanda chenjezo. Kupempha munthu wachikulire kuti abwereze zowawa zotere ndi chinthu cholemera kwambiri. Gulani m'sitolo yopereka lisiti ngakhale mtengo ukwere kawiri, ndipo musanapite kumudzi idzazeni ndi mavidiyo, muone ngati onse akutseguka. Mukakayika, jambulirani m'foni momwemo, mutafufutamo zithunzi zakale.

Pojambula ikani foni pa airplane mode, pafupi ndi pakamwa, kutali ndi chigayo. Ola limodzi ndi lokwanira, okalamba amatopa msanga.

Mukafika kunyumba koperani pakompyuta kapena pa Google Drive. Bandulo ya usiku ndiyo imatchipa. Lembani m'kope dzina, mudzi ndi tsiku. Banja lipatseni mawuwo, ndipo musaike pa Facebook eniake asanavomere.