Momwe mungalumikizire foni ya m'nyumba yopanda chingwe kuti igwire ntchito bwinobwino

Mafoni a m'nyumba opanda chingwe aja, a Panasonic kapena Gigaset, ambiri amabwera ndi achibale kuchokera ku UK kapena ku Joni, okongola zedi, ena thupi lake ndi lachitsulo, sikilini ya makala, mabatani owala usiku, koma kenako amangokhala mu kabati chifukwa palibe wodziwa poyambira. Zimandiwawa kuona foni yodula chonchi ikungodzadza fumbi pomwe kuikonza sikovuta konse.

Choyamba tembenuzani besi, ndiye kachipangizo kamene foni imakhalapo kaja, muwerenge zolembedwa pansi pake. Mukaona DECT basi zili bwino, imeneyo ndi ya ku Ulaya ndipo imayenda pa 1880 mpaka 1900 MHz. Koma mukaona DECT 6.0 dziwani kuti ndi ya ku America kapena Canada, imayenda pa 1920 mpaka 1930 MHz pomwe pamadutsanso netiweki ya 3G, komanso adapta yake nthawi zambiri ndi ya 120V, mukaibaya mu soketi yathu ya 230V ipsa nthawi yomweyo. Ya ku UK pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu yomweyi, ilowa popanda vuto.

Kenako layini. Foni imeneyi simulowa SIM, imafuna layini ya landline kapena rauta yokhala ndi kabowo kolembedwa TEL kapena Phone kumbuyo. Marauta ena a 4G monga Huawei B315 ali nako kabowoka, ndiye mukaika SIM mu rauta n'kulumikiza besi, foni ija imayimba ndi kulandira pa nambala ya SIM yomweyo. Chenjerani ndi kachingwe kobwera ndi foni za ku UK, mutu wake umodzi ndi wa BT wautali pang'ono, sulowa mu rauta, ingogulani china cha RJ11, mutu waung'ono wolowa mu kabowo ka TEL kaja, mbali zonse ziwiri, ndi chotchipa.

Mabatire ndi pamene anthu ambiri amaonongera. Zambiri zimadya AAA awiri a NiMH, otchajika aja, osati wamba ogula pa okala ayi, amenewo mukawaika pa chaja amatupa n'kutulutsa madzi mkati. Ikani otchajikawo ndipo muisiye pa besi maola ngati 7 musanayambe kuiseweretsa.

Tsopano pokhazika besi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pa bokosi amalemba kuti imafika mamita 50 m'nyumba ndi 300 panja, koma zimenezo ndi popanda chotchinga. Makoma athu a njerwa zootcha ndi simenti amadula mphamvu kwambiri, ndiye musaibise kuseri kwa TV kapena pansi pa tebulo pakona. Ikani pamalo okwera, chapakati pa nyumba, kutali ndi filiji, ndipo isagundane ndi rauta, pakhale kampata. Mukatero yendani nayo foni mpaka kukhitchini, kuchipinda, kugeti, mukuyang'ana timizere ta siginolo pa sikilini. Ngati ikuduka kugeti, lowani mu Settings muzimitse Eco Mode, chifukwa imeneyo imachepetsa mphamvu ya besi dala kuti isamadye magetsi.

Ngati muli ndi foni yachiwiri yoti ikhale kuchipinda kwa agogo, besi imodzi imatenga mpaka 6 pa mitundu yambiri. Dinani batani la pa besi osalisiya kwa masekondi ngati 5, pa foni yatsopanoyo sankhani Register, ikafunsa PIN ikani 0000 ngati sinasinthidwe. Ikangogwira mutha kuyimbirana nyumba yomweyo ulere, osakuwa dzina la mwana kuchokera pabalaza. Ngakhale zili za makampani osiyana zimagwirizana bola zonse zikhale ndi GAP, ndiye dongosolo lothandiza kuti foni ndi besi za makampani osiyana zimvane, kungoti zinthu zina monga kutumizirana manambala zimakana.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri pa zodulazi ndi Bluetooth. Panasonic amaitcha Link2Cell, mumailumikiza ndi foni yanu ya m'manja, n'kuisiya ya m'manjayo pawindo paja pamene netiweki imagwira, pafupi ndi besi, ndiye munthu akaimba mumayankhira pa yopanda chingweyo kulikonse m'nyumba. Kwa ife okhala kumene netiweki imavuta, chimenechi chokha n'chokwanira kugulira foniyi.

Pomaliza magetsi. Akathima besi imazima, ndipo foni ngakhale ikhale yodzadza batire siimba, kupatula mitundu ina ya Panasonic imene besi imakoka moto ku foni mukaikhazikapo. Ngati muli ndi inveta kapena UPS bayani besi ndi rauta pamenepo, zonsezi sizidya moto wambiri. Nthawi ya mvula mphenzi zikayamba, zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha layini, makamaka ngati layini yanu imabwera pa mapolo.