Viza ya H-1B popanda kudikira maere

Achinyamata a kuno ku Dedza omwe muli ndi madigiri, imvani izi. Chaka chilichonse America imapereka ma viza atsopano a H-1B (viza yogwirira ntchito zofuna digiri) okwana 65,000, ndi ena 20,000 owonjezera a omwe anachita masitazi kapena kuposa apo konko. Ofuna amachuluka kwambiri, ndiye kalembera wa mu Malichi amathera pa maere.

Koma pali olemba ntchito omwe chiwerengerochi sichiwakhudza: mayunivesite, mabungwe osapanga phindu ogwirizana ndi yunivesite, monga zipatala zina zophunzitsira, komanso mabungwe a kafukufuku a boma kapena osapanga phindu. Awa angathe kupempha viza nthawi iliyonse pa chaka, popanda maere.

Ndiye yambani ndi masamba a pa intaneti olengeza ntchito a mayunivesite a ku America. Mphwanga anaphunzira zaulimi ku Bunda, ndipo amadziwa matenda a kachewere chifukwa anakulira m'munda ku Bembeke. Ndinamuuza kuti alembe zimenezo poyera mu CV, asachite nazo manyazi. A ku yunivesite akakuyankhani, funsani mosapita m'mbali ngati ntchitoyo ndi "cap-exempt", kutanthauza kuti chiwerengero chija sichiikhudza. Fomu I-129 yopemphera vizayi amatumiza ku USCIS, nthambi ya boma la America yoona za olowa m'dzikolo, ndi abwanawo, osati inu. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama pa Mpamba akukonzereni viza, ameneyo ndi tsizinamtole. Zimandiwawa kuona makolo akugulitsa ng'ombe chifukwa cha anthu otere.

Dziwaninso kuti mukadzafuna kuchoka ku yunivesite kupita ku kampani wamba, maere aja adzakupezani ndithu. Malamulo ndi ndalama zolipira zinasintha kwambiri mu 2025, choncho werengani tsamba la USCIS musanayambe.